Ndiwo za Chiphadzuwa

Tsiku limene lole inabweretsa matumba oyamba aja a chakudya cha akavalo kunatentha kuyambira m'mamawa. Unali mwezi wa Okutobala, mitambo kulibe, mphepo ikungonyamula fumbi ndi majumbo n'kukawakoleka pa waya wa mpanda. Nyenje zinkalira m'mitengo mosalekeza mpaka makutu kuwawa. Potuluka m'Hatcliffe ndinkamva oitanira makombi, maminibasi a ku Harare, akukuwa, ndi zigubu zopanda madzi zikugundana pamzere wa pamjigo. Nditafika kuntchito ndinamva phokoso lina: akavalo khumi ndi anayi akumenya zitseko za makola ndi ziboda, chifukwa udzu wouma unali utangotsala mitolo yowerengeka.

Ku Harare ndinabwera ndevu zikungoyamba kumera. Kwathu ndi ku Dedza, kuseri kwa mapiri. Amayi anandiperekeza mpaka pamsewu, anandipatsa mtedza wokazinga m'kansalu, ndipo sanalire mpaka basi itanyamuka, ndinawaonera pazenera. Ndinayamba ntchito yosenza matumba pa fakitale ina ku Workington, ndikugona ku Mbare m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu, momwe mmodzi akatembenuka onse ankadzuka. Eni dziko ankatitcha mabhurandaya, ndiye kuti anthu a ku Blantyre, ngakhale ine ku Blantyre sindinapondeko mpaka lero. Fakitale itatsekedwa, mkulu wina wa kumpingo kwathu ananditengera ku makola a akavalo, kumpoto kwa mzinda, kumene ana a anthu olemera ankaphunzira kukwera. Kavalo ndinkangomumva m'Baibulo. Tsiku loyamba wina anandipumira m'khosi, ndinataya ndowa n'kuthawa.

Ndinakhala pamenepo zaka zambiri, zoposa zimene ndinakhala kwathu. Zochepa zimene ndinkapeza ndinkagawa pawiri, zina kutumiza kumudzi. Malata a nyumba ya mlongo wanga anachokera m'ndowe za akavalo. Akazi anga, Anangozo, ananditsatira, tinapeza chipinda chimodzi ku Hatcliffe kuseri kwa nyumba ya munthu. Iwo ankagulitsa tomato ndi usipa pamsewu. Mwana Mulungu sanatipatse. Atadwala chifuwa chimene chinawatenga chija, masiku omaliza ankalankhula pang'ono, koma mawu amodzi anawabwereza kawiri: "Bambo, musadzandisiye ndekha kuno kwa eni ake." Ndinavomera. Kunyamula mtembo mpaka ku Dedza sindikanatha, choncho anzathu a bungwe la maliro anandithandiza kuwaika kumanda aakulu a kunja kwa mzinda. Ndinazikapo kachitsulo kolembedwa dzina lawo ndi penti woyera. Lamulungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndinkakwera makombi awiri, kukazula udzu ndi kuwauza za sabata yonse. Chimene chinkandisunga mu Harare chinali chimenecho, ndipo chimene chinkandilola kukhalamo chinali ntchito ya akavalo. Munthu wa zaka zanga, wa chitupa cholembedwa kuti mlendo, ntchito ikamuthera alibe kwina kolowera.

Pa makolapo tinalipo atatu. A Layisoni anali a ku Katete, ku Zambia, bambo wa ana asanu, munthu wa nthabwala, wosadziwa kukhala chete ngakhale akuwola ndowe. Amidu anabadwira ku Mbare, makolo ake anali Asilamu a ku Mangochi. Chichewa chake chinali chosakanikirana ndi Chishona, ndipo masana ankayala thumba kuseri kwa thanki n'kupemphera. A Layisoni ankamutcha Shehe. Ine onse awiri ankanditcha madala. Pachitseko cha khola lililonse panali kabolodi, pamwamba dzina la kavalo, pansi dzina la womudyetsa. Langa linali pa zitseko zisanu. Chimodzi chinali cha kavalo wamkazi wokalamba, wamsana wolowa, mano atatha. Dzina lake lachingerezi linkatipinda lilime, ndiye a Layisoni anamutcha Chiphadzuwa. Anali kavalo woyamba wa Adona, eni makolawo, amene ankamukwera ali mtsikana. Sankagwiranso ntchito. Ankangodya, n'kumadikira kuti Adona adzamukande pamphumi.

Chaka chimenecho mvula inakana, ndipo famu imene tinkagulako udzu inapsa ndi moto wolusa. N'chifukwa chake kunabwera matumba aja. Adona anatsegula limodzi ndi mpeni, anatapa m'manja. Munali timibulu tobiriwira, totalika ngati nsonga ya chala, tonunkhira udzu wonyowa ndi nzimbe.

"Tamverani bwino," anatero m'Chishona chawo chopindika chija. "Umu muli zonse. Udzu uli momwemu, madeya ali momwemu, mchere, zolimbitsa mafupa, zonse. Kavalo akadya izi n'kumwa madzi, wadya. Musaonjezerepo kanthu. Chimanga ayi, madeya ayi. Mwamva?"

Tinati tamva.

Anapachika sikelo pamtanda wa denga. Kavalo aliyense anamulembera muyeso wake, wogawa kanayi pa tsiku, popeza mimba ya kavalo ndi yaing'ono, ndipo chimene chalowa sichibwereranso kukamwa, kavalo sasanza. Masiku khumi oyamba tinkasakaniza ndi udzu wotsala uja, tsiku ndi tsiku udzu kuchepa, timibulu kuchuluka, kuti mimba izolowere. Za Chiphadzuwa anandiuza kuti ndiziviika m'madzi mpaka zifewe ngati phala, kuopa kuti zingamutsamwe.

Adona atachoka, a Layisoni anatola kambulu kamodzi, anakanunkhiza, anakaluma, n'kulavula.

"Madala, izi ndi ndiwo."

"Akuti ndi zonse," ndinatero.

"Zonse? Inu munachiona kuti chakudya chokhala chimodzi? Mlendo mungamuikire mbale imodzi ya nyemba n'kumuuza kuti bambo idyani, nsima ili momwemo?"

Amidu, amene ankawatcha sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona, anaseka mpaka kutsamira khoma. "Sekuru Layisoni, inu mudzafera pakamwa."

"Ndikunena zoona, Shehe. Anthu awa njala saidziwa. Amadya tsamba limodzi n'kupukuta pakamwa."

Kuyambira tsiku limenelo timibulu tija dzina lake linali ndiwo. "Wapereka ndiwo za masana?" "Ndiwo zatsala matumba angati?" Inenso ndinkatero, osaganizapo kanthu. Lero ndimaona kuti tsoka linayambira pa dzinalo. Tinali titachitcha ndiwo, ndiye mitima inayamba kufunafuna nsima yake.

Ndinene chilungamo, chakudyacho chinali chabwino. Patatha mwezi ubweya wa akavalo unayamba kuwala, ndowe zinali zabwinobwino, ndipo Chiphadzuwa, amene kale ankatafuna udzu n'kumaulavula uli zibuma zonyowa, anayamba kumaliza ndowa yake. Koma panali chinthu chimodzi chowawa kuchiona. Kavalo analengedwa kuti azitafuna tsiku lonse. Mtolo wa udzu ankakhala nawo maola ambiri, pamene ndiwo zija ankazimaliza munthu usanatsuke ndowa yachiwiri. Akamaliza ankangoima, n'kumatiyang'ana. Ena anayamba kuluma matabwa a zitseko. Wina ankangopukusa mutu uku ndi uku ngati wozungulira mutu. Tikamadutsa ndi wilibala onse ankatulutsa makosi, akulira chapansipansi. Ndinawauza Adona. Anati si njala imeneyo, pakamwa pakungosowa chochita, tiziwatulutsa panja nthawi yaitali. Koma panjapo panali dothi lokhalokha.

Ife atatu njala tinkaidziwa. A Layisoni anaikapo mng'ono wawo chaka china cha njala kwawo. Amidu miyezi imeneyo ankadya kamodzi pa tsiku kuti ana adye kawiri. Nyama ikakuyang'ana ndi maso otero, umamva m'mimba mwako momwe.

Masana ena, ndikuchokera kotunga madzi, ndinapeza a Layisoni m'khola la Chiphadzuwa, chitini cha mafuta ophikira chili m'manja. Kavalo anali atalowetsa mutu m'ndowa, akudya mwaphuma. Munali chimanga chouma gwa.

"A Layisoni, n'chiyani chimenechi?"

"Nsima, madala. Mayiyu wadya ndiwo zokhazokha miyezi iwiri. Taonani nthitizo."

"Nthiti zimenezo n'za ukalamba. Adona analetsa."

"Adona sagona ndi njala. Inu mkulu wa mpingo, chifundo munachisiya kuti? Kachitini kamodzi kangaphe chinyama chonsechi?"

"Mano alibe. Akungomeza."

"Azakhali anga analibe dzino ndi limodzi lomwe, koma chimanga chokazinga ankatilanda."

Ndinafunsa kumene anachitenga. Anati iwo ndi Amidu anasonkha, n'kugula theka la thumba kwa mayi wina wa pamsika ku Hatcliffe. Anthu osauka, kuchotsa pakamwa pa ana awo kuti adyetse kavalo wa munthu wolemera. Chimenecho n'chimene chinandimanga lilime. Ndinangoti, "Musabwerezenso, achimwene." Anati, "Chabwino, madala," akumwetulira. Ndikanapita kwa Adona tsiku lomwelo. Sindinapite. Moyo wanga wonse ndakhala munthu wosafulumira kuweruza mnzanga, ndipo ndinkayesa kuti khalidwe limenelo n'labwino nthawi zonse. Sindinafunse n'komwe kumene anabisa thumba lija.

Lamulungu linali tsiku langa lopuma. Loweruka madzulo ndinkayezeratu chakudya cha akavalo anga m'ndowa, anzanga awiriwo n'kumangopereka. Sabata imeneyo ndinapita kutchalitchi, kenako kumanda. Udzu woti ndizule kunalibe, dothi linali litang'ambika. Ndinathira botolo la madzi pa kamtengo kamene ndinabzala kumutu, ndinawauza Anangozo za akavalo oluma zitseko, ndinaimba nyimbo imodzi, n'kubwerera.

Lolemba m'mawa phokoso ndinalimva ndisanalowe pageti. Chiphadzuwa anali pansi, akugubuduka, thupi lonse thukuta ngati wathiridwa madzi. Anali atadzisupula pamwamba pa diso. Ankadzuka, kuyang'ana mimba yake, kuimenya ndi mwendo wakumbuyo, n'kugwanso. Mimba inali itatupa, yolimba ngati ng'oma. Ndinaikapo khutu, munali zii. Mimba ya kavalo wabwinobwino imalira nthawi zonse. Ikakhala chete ndiye kuti zinthu zaipa. Ndinagwira ziboda zakutsogolo, zinali zotentha.

Ndinamumanga chingwe, ndinamudzutsa, ndinayamba kumuyendetsa pabwalo kuti asagubudukenso n'kupotokola matumbo. Amidu anathamanga kukaitana Adona. A Layisoni anaima pakhomo la khola ndi fosholo, osayandikira. Ndinazungulira naye bwalo kavaloyo dzuwa likukwera, iye akutsamira phewa langa, mpweya wake wotentha ukundiwomba m'khutu. Ndinkamuimbira chapansipansi nyimbo za kutchalitchi, chifukwa ndi zokhazo zimene ndimadziwa.

Dokotala wa ziweto anafika cha m'ma naini. Anamubaya jekeseni, anamulowetsa paipi m'mphuno mpaka m'mimba. Zimene zinatuluka anali madzi owawasa, onunkha ngati masese, ndipo m'ndowamo munayamba kugwera njere za chimanga, zambiri zosasweka n'komwe. Dokotala anazitola ndi zala, anawaonetsa Adona. Anayesetsa mpaka masana. Kenako anawatengera Adona pambali, ndipo ndinaona mayi uja akugwira mpanda ndi manja onse awiri. Jekeseni womaliza anamubaya ine nditagwira mutu. Kavalo sagwa pang'onopang'ono. Amagwa kamodzi, nthaka n'kugwedezeka.

Chakumadzulo Adona anatiimika atatufe kutsogolo kwa chipinda chosungiramo zakudya. Maso awo anali ofiira koma mawu anali ozizira. Mlonda anali atafufuza kale, ndipo thumba la chimanga analipeza kuseri kwa mgolo, pakona pamene ndinkapachika jekete ndi kusiya Baibulo langa. Mwina anzanga aja analibisa pamenepo podziwa kuti pamalo panga palibe angaganize zofufuzapo.

"Ndani wamupatsa chimanga?"

Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Layisoni?"

A Layisoni anayang'ana kabolodi ka pachitseko. "Adona, kavaloyu amadyetsa ndi madala. Dzina lili apo. Ife timangothandiza Lamulungu, timapereka zimene atiyezera."

"Amidu?"

"Handizivi, Adona. Sindikudziwa." Ankayang'ana zala zake za kumapazi.

Anatembenukira kwa ine. "Iwe wakhala pano kuyambira bambo anga ali moyo. Unkadziwa za chimanga ichi?"

Funso limenelo ndakhala ndikulitembenuza mpaka lero. Akanafunsa kuti wamupatsa ndiwe kodi, ndikanati ayi, ndipo zikanakhala zoona. Koma anafunsa ngati ndinkadziwa. Ndinaona ana asanu aja a ku nyumba ya a Layisoni, ndinaona mkazi wa Amidu amene anali woyembekezera. Ndinaonanso kachitsulo ka penti woyera kumanda kuja. Ndinadikira kuti mmodzi wa iwo atsegule pakamwa. Ndinadikira nthawi yaitali ndithu, mpaka Adona anabwereza funso.

"Ndinkadziwa, Adona."

"Wekha?"

Kunama sindikanatha, ndipo maina anakana kutuluka.

Apolisi sanandiitanire. Anangoti nditenge jekete ndi buku langa. Ndinapempha kalata yaumboni, yoti ndikaonetse kwina. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndilembemo chiyani?" Analowa m'galimoto.

Eni akavalo mu Harare ndi ochepa, ndipo amadziwana onse. Ndinayendera makola anayi, wapansi, ena kutali kwambiri. Paliponse nkhani inali itafika kale. Pena kapitawo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndimi sekuru vechibage?" ndiye kuti agogo a chimanga aja, antchito ake n'kuseka. Ndinayesa za ulonda, anati ndakalamba. Ndinayesa kugulitsa tomato pamalo pa Anangozo paja, koma panali pataima kale ena atatu. Ndinagulitsa bedi, kenako njinga, kenako mapoto awo. Mvula itayamba, mwini nyumba anandiuza mwaulemu kuti mwana wake akukwatira, akufuna chipindacho. A Layisoni ankakhala misewu itatu kuchokera pamene ndinkakhala. Miyezi yonseyo akandiona ankawolokera tsidya lina.

Mpingo unandisonkhera ya basi. Lamulungu lomaliza ndinapita kumanda ndi kachitini ka penti, ndinabwereza zilembo za dzina lawo chimodzichimodzi. Udzu unali utamera, ndinazula wonse. Ndinakhala pansi pambali pa mtumbira. Pomaliza ndinati, "Mayi, ndalephera. Ndikupita." Ndinawerenga mizere kuchokera panjira, ndinawerenga mitumbira kuchokera pa mtengo wa bulugama umene unali chapafupi, kuti ndisadzaiwale.

Ku Mbare, m'mawa wa ulendo, ndikukankhana ndi anthu pa basi ya ku Malawi, wina anandilanda chikwama chakumbuyo. Ndinatembenuka kuti ndikuwe wakuba. Anali Amidu. A Layisoni anali kumbuyo kwake, atanyamula buledi m'jumbo.

"Madala," anatero a Layisoni, n'kuima. Anayesanso. "Lamulungu lija ine ndinamupatsa Chiphadzuwa chimanga m'mawa, zitini ziwiri, poti inu kunalibe. Sindinadziwe kuti Sheheyu amupatsanso masana."

"Ndinkayesa sekuru Layisoni aiwala," anatero Amidu. "Ankandiyang'ana, madala. Mukudziwa mmene ankayang'anira muja."

"Ndikudziwa."

"Nanga bwanji simunatitchule?"

"Nanga inu bwanji simunadzitchule?"

Kondakitala ankamenya basi ndi dzanja.

"Kwa Adona mupita?" ndinafunsa.

A Layisoni anapukuta nkhope ndi chipewa. "Ana asanu, madala."

Amidu anati, "Manda a mayi tiziwaona ife. Mungotiuza pamene ali."

Ndinawauza mzere ndi mtengo. Buledi ndinalandira chifukwa anthu ankationa, koma dzanja sindinawapatse. Titawoloka malire pa Nyamapanda ndinamupatsa yense mayi wina wa ana awiri amene ndinakhala naye mpando umodzi.

Mlongo wanga anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Maliro ake ndinangowamvera pafoni. M'nyumba ya malata ija ndinapezamo mwana wake wamkazi ndi banja lake. Anandilandira, anapha nkhuku, koma maso awo anali pa chikwama chimodzi chija. "Katundu wina akubwera m'mbuyo, malume?" Ndinati ndi yemweyu. Munda wa amayi abale anali atagawana kale. Anandipatsa kanyumba kamene ankasungiramo mbewu, ndi kandime ka m'mphepete mwa phiri. Ana ankaseka Chichewa changa, akuti ndimalankhula ngati wailesi yakunja. Pamsika ndinkamva kumbuyo, "Mtchona uja ndi ameneyo." Sindiwaimba mlandu. Munthu woti anachoka iwo asanabadwe akanamudziwa bwanji?

Kutchalitchi anandilandira ndi kalata yanga ya mpingo. Koma tsiku la Mgonero, mbale ikafika pa ine, ndinkangoipatsira mnzanga osatengamo. Kanayi konse ndinatero. Abusa anandifunsa chavuta n'chiyani, ndinati ndili ndi anthu awiri pakhosi. Ndikagwada kupemphera, n'kufika pa mawu a kukhululuka aja a m'Pemphero la Ambuye, ndinkalekera pomwepo. Sindinkawafunira zoipa. Koma ndikatseka maso ndinkaona a Layisoni akuyang'ana kabolodi kaja.

Chaka chachiwiri, nthawi yokumba mbatata, mwana wa mlongo wanga uja ananditsatira kumunda ndi foni yake. "Malume, a ku Harare."

Anali Amidu. Mawu ankadukaduka.

"Madala, muli bwanji kumeneko?"

"Ndili moyo. Kaya inu?"

"Tilipo. Sekuru Layisoni ali pompano." Ndinamva a Layisoni chapatali akuti, "Nena, Shehe, nena, mayunitsi akutha."

"Madala, chaka chatha tinkapita. Mwezi ndi mwezi tinkapita, kukazula udzu. Ndiye dzinja lino tinadumpha miyezi itatu, mwana wanga anadwala. Popita tapeza zitsulo zonse za mbali imeneyo anazula akuba, ogulitsa kwa osungunula aja. Mtengo uja anadula. Pamene panali njira aikapo manda atsopano, mizere yonse yasokonekera."

Ndinakhala pansi, pa mtumbira wa mbatata.

"Tafunafuna masabata atatu. Tinapita kwa oyang'anira kumandako, akuti buku la chaka chimenecho linanyowa, silikuwerengeka. Madala, manda a mayi sitikuwapeza."

A Layisoni analanda foni. Mawu awo anali a munthu wokalamba, sindinawazindikire msanga.

"Ndine, madala. Ine ndinati tisankhe manda ena alionse, tizikepo chitsulo, tilembepo dzina, tikutumizireni chithunzi kuti muzigona tulo. Penti ndinagula. Tafika pamenepo, chitsulo chili m'manja, ndalephera. Ndati bambo aja tinawanamizira kale kamodzi, iwo akuona. Ndiye tikuuzani mmene zilili. Mayi tawataya. Ndife."

Foni inaduka pomwepo, kaya mayunitsi, kaya netiweki. Ndinaibweza kwa mwini wake. Anandifunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati zovuta zinagwa kale.

Ndinakhala m'mundamo mpaka dzuwa litapendeka. Ndinalira, chimene sindinachite pa basi paja, ngakhale tsiku la kavalo. Anangozo ali penapake pakati pa anthu osawadziwa, opanda dzina, ndipo ngakhale nditapeza ya basi lero sindingaloze pamene ndinawaika. Amene anawalenga akudziwa pamene ali, ine sindidzadziwanso. Kwa Adona anzangawo sanapite, ndipo sindikhulupirira kuti adzapita. Palibe chimene chinabwerera m'malo mwake.

Koma akanatha kunditumizira chithunzi chija, ine n'kuchipachika pakhoma, n'kumalankhula ndi mtumbira wa munthu wina mpaka imfa yanga. Sanatero. Madzulo amenewo ndinapempha mwana wa mlongo wanga kuti andilembere uthenga wopita kwa awiriwo, chifukwa maso anga zilembo zazing'ono saziona. Anafunsa kuti alembe chiyani. Ndinati alembe kuti ndamva, asavutikenso kufunafuna, ndipo penti uja apake chitseko cha kunyumba asanaume.

A Layisoni ndi Amidu ndinawakhululukira.